Kuchoka pa kaseti kufika pa memori khadi: njira imene mawu a Dini anadzera pofika ku Masambanjati

Tithokoze Allah amene watifikitsanso m'mwezi wa Ramadhan, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale kwa Mtumiki wake Muhammad (SAW).

Masiku ano mwana wa madrasa akamachoka ku Taraweh amakhala ndi Qur'an yonse m'thumba, ma Surah onse 114, m'mawu a owerenga atatu kapena anayi, ndipo amaganiza kuti zinthu zakhala choncho kuyambira kale. Ife amene tinakulira kuno ku Masambanjati, pamsewu wochoka ku Thyolo boma kudzera ku Makwasa kulowera ku Thekerani, tinaziona zikubwera chimodzichimodzi. Zinalowa pakhomo lomwe panalowera mafilimu a nkhondo ndi nyimbo za dansi, ndipo pofika m'manja mwathu zinali zitataya kanthu kena m'njira.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'Malawi, koma ambiri ali ku Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota. Kuno ku Thyolo ndife ochepa. Makolo athu ambiri anabwera kudzafuna ntchito m'maesiteti a tiyi, ena ndi malonda, n'kumanga timizikiti ting'onoting'ono pakati pa anansi a Chikhristu. Mishoni ya Malamulo ya a Seventh-day Adventist yakhala ku Makwasa kuyambira 1902, ndi sukulu, chipatala ndi mabuku ake. Ife tinali ndi mwalimu mmodzi wa midzi ingapo, amenenso m'mawa ankalawirira kukathyola tiyi ngati wina aliyense. Ku Mangochi munthu akakhala ndi funso amangoyenda pang'ono n'kupeza Shehe. Kuno funso linkadikira Lachisanu, nthawi zina mwezi wathunthu. N'chifukwa chake makina olankhula anali ndi mphamvu yaikulu pakati pathu kuposa kwa abale athu a kunyanja.

Nthawi ya Kamuzu kunalibe wailesi ya kanema, ndipo ya mawu inali MBC yokha. Chimene chinatitsegulira zenera ndi kaseti. Ku Egypt, Shehe Mahmoud Khalil Al-Husary anajambula Qur'an yonse mu 1961, ndipo pambuyo pake mawu a owerenga ngati Abdul Basit Abdus Samad anafalikira dziko lonse pa makaseti. Kuno ankafika ndi anthu ochokera ku Joni, ndi amene Allah anawapatsa mwayi wopita ku Hajj, kapena ndi amalonda a nthochi amene ankakwera malole kupita ku Limbe, chisaka chisanathe minda yathu. Qur'an yonse inkafuna makaseti oposa 20, choncho panalibe banja limene linali nayo yathunthu. Uyu anali ndi Juzu Amma, uyo Yasin ndi Al-Kahf, ndipo tinkabwerekana ngati makasu. Amene anali ndi wailesi ya makomo awiri ndiye ankatikopera. Kopi ya kopi inkamveka ngati Shehe akuwerenga mvula ikugwa padenga la malata, koma tinkamvera ndithu. Pofuna kusunga mabatire, kaseti tinkaibweza ndi cholembera.

Pa kaseti panali pepala, ndipo papepalapo wina ankalemba ndi bolopeni dzina la wowerenga, dzina la Surah, kawirikawiri ndi dzina la mwini wake. Ukamva zachilendo mu ulaliki, unkadziwa amene wakubwereka, iyenso ankadziwa kumene anaitenga.

Zinthu zitasintha mu 1994, mavidiyo sho anachuluka m'misika. Chinali chipinda cha mdima, mabenchi, sikirini imodzi, jenereta kuseri ndi chimkuzamawu panja choitanira anthu. TVM inayamba mu 1999, koma kuno ndi ochepa anali ndi magetsi, moti kanema amene ambiri tinayamba kumuona anali wa mu sho, makamaka pa tsiku la malipiro a kuesiteti. Zaka zimenezo Ramadhan inkagwa mu December ndi January, mvula ili pakati, tiyi ataphuka kwambiri, anthu akuthyola tsiku lonse ali pa swaumu. Makolo ankadana nawo mavidiyo sho, ndipo sankalakwa: ana ankathawa madrasa kukaonera karate ndi mafilimu a ku Nigeria, ndipo usiku kwambiri kunkaonetsedwa zosayenera kuzitchula m'mwezi uno. Koma m'zipinda zomwezo, tikapempha mwini wake n'kusonkha ya mafuta a jenereta, ndi mmene tinaonera The Message, filimu ya 1976 ya Moustapha Akkad, ndi matepi a Shehe Ahmed Deedat a ku Durban, kuphatikizapo mtsutso wawo ndi Jimmy Swaggart wa mu 1986. Kwa mnyamata amene anakula akusekedwa chifukwa cha chisoti chake, kuona Msilamu akuyankha molimba mtima pamaso pa khamu la azungu chinali chinthu chachikulu. Tinenenso kuti matepi amenewo anatulutsa anyamata ena odziwa mavesi a mtsutso pamtima koma osadziwa bwino zimene zimaononga wudhu. Radio Islam itayamba kuulutsa mawu mu 2001, maphunziro a Fiqh m'Chichewa ndi m'Chiyao anathandiza kuwongola zimenezo kwa amene wailesi yawo inkaikoka.

Kenako kunabwera ma CD, ma VCD ndi ma DVD, ndipo pambuyo pake munthu watsopano pamsika: wobena. Nthawi zambiri anali mnyamata womaliza Fomu 4, wokhala ndi kompyuta yakale yogula kwa wina ku Limbe kapena yotumizidwa ndi mchimwene wake wa ku Joni. Inkayendera Windows XP, kenako Windows 7, yoikidwa kuchokera pa CD yokopa imene inazungulira boma lonse. Zida zake zinali zodziwika. Nero ndi imene ankabenera ma CD, ndipo mawu akuti kubena anachokera pa ntchito imeneyo, n'kukhalabe ngakhale ma CD atatha. VLC inkatsegula kanema aliyense amene mapulogalamu ena amukana. Format Factory inkafinya filimu yaikulu kukhala 3GP kuti ikwane m'kafoni ka mabatani, ngakhale nkhope za anthu zinkaoneka ngati zoumba ndi dothi. Virtual DJ inali yokopera makasitomala, phokoso lake kumveka mpaka kumzikiti nthawi ya Asr. CD imodzi ya 700 MB inkanyamula mphindi 80 zokha ikabenedwa mwa nthawi zonse, koma ikabenedwa ngati MP3 inkanyamula maola ambiri. Tsiku limene tinamva kuti Qur'an yonse ya makaseti 20 aja yakwana pa chimbale chimodzi, akuluakulu ena anakana mpaka atamvera okha kuyambira Al-Baqarah.

Memori khadi ndiyo inamaliza zonse. Cha m'ma 2012 kupita mtsogolo, Ramadhan ikugwa m'miyezi yozizira ya June, July ndi August, pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi foni kapena kawailesi ka ku China kolowa khadi. Unkapita kwa wobena n'kunena kuti, "Achimwene, mundiikire za Chisilamu," n'kulipira malinga ndi kukula kwa khadi. Iye ankatsegula foda imodzi n'kukhuthula zonse. Obena ambiri kuno sanali Asilamu, ndipo kwa iwo chilichonse chomveka Chiarabu chinali pemphero. Mu foda yomweyo munkakhala Shehe Sudais ndi Shehe Shuraim a ku Makkah, Mishary Alafasy, ma nasheed a Zain Bhikha, maulaliki a Mufti Menk a ku Zimbabwe, taarabu ya ku Zanzibar, nyimbo za m'mafilimu a Chimwenye, ndi nyimbo za chikondi za ku Cairo. Agogo ena ankamvera nyimbo ya chikondi ija modzichepetsa pokonza futari, akuyankha kuti Ameen, mpaka mdzukulu wophunzira Chiarabu atabwera ku holide. Timaseka tikakumbukira, koma pamenepo pepala la bolopeni lija linali litagwa kale. Pasikirini pankangolembedwa Track 01, Track 02.

Ena mwa anyamata athu sankadikira wobena. Ankakwera pachitunda pogwira netiweki, n'kutsegula Opera Mini, n'kutsitsa pa Waptrick kapena Tubidy usiku bandulo ikatsika mtengo, kenako n'kugawana pa Bluetooth, pambuyo pake pa Xender ndi SHAREit. Fayilo imodzi yotsitsidwa ndi munthu mmodzi inkafika kumakomboni onse a esiteti sabata isanathe.

Makhadi ndi mafulashi ankanyamulanso matenda. Panali vayirasi ija yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha, ndipo khadi ikalowa m'kompyuta ya pamsika inkatuluka nayo. Mankhwala a obena ambiri anali Smadav, pulogalamu ya ku Indonesia, dziko la Asilamu ochuluka zedi, ngakhale palibe amene ankalabadira zimenezo. Ikalephera, yankho linali limodzi: tifomate. Shehe Sudais akafufutika, unkangolipiranso n'kuwaikanso. Koma m'makhadi omwewo munali zinthu zina zimene sizinali pa intaneti. Munali ulaliki wa mwalimu wathu umene mnyamata anajambula ndi foni tsiku la Eid. Munali zikiri ya pamaliro ndi ya pa Ziyala, mawu a amayi akuimba pa nikah, madua a akuluakulu m'Chiyao chakale chimene ana athu obadwira pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja sachilankhulanso. Zimenezi zinali ndi kopi imodzi, mwina ziwiri. Pa nkhani ya zikiri, a Qadiriyya ndi a Sukuti akhala akusiyana maganizo kwa zaka zambiri, ndipo pano sitikuweruza mlandu umenewo. Tikungonena kuti mbali zonse ziwiri zinataya mawu a akuluakulu awo mofanana, ndi batani limodzi.

Palinso nkhani ya thukuta la eni ake. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza oimba ndi olemba, ndipo nthawi ya makaseti oimba ankapita ndi nyimbo zawo kwa O.G. Issa ku Limbe n'kulandirako kenakake. Kubena kunagwetsa msika umenewo. COSOMA inayamba kupereka ziphaso kwa obena, ndipo lamulo latsopano la 2016 linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo ndi makanema. Oimba ma nasheed a m'Chichewa ndi m'Chiyao analowa m'bwalo msika utagwa kale. Mnyamata ankalipira situdiyo ndi ndalama ya ganyu, nasheed yake n'kumveka m'nyumba iliyonse mu Ramadhan, iye osaona ngakhale ya sopo, nthawi zina dzina lake osadziwika n'komwe. Ambiri amati za Dini sizigulitsidwa, ndipo alipodi owerenga ndi ma Shehe amene amalola kuti mawu awo azigawidwa mwaulere. Koma International Islamic Fiqh Academy, pamsonkhano wake wa ku Kuwait mu 1988, inagamula kuti ufulu wa wolemba ndi wopanga chinthu ndi chuma chotetezedwa ndi Shariah. Chigamulo chimenecho sichinafike pabenchi la wobena, pamene ngakhale Windows ya m'kompyutamo inali yokopa.

Lero zambiri zimadzera pa WhatsApp, pa mafoni a itel ndi Tecno otchajidwa ndi sola. Zabwino zake n'zoonekeratu. Qur'an yotanthauziridwa m'Chichewa ndi Shehe Khalid Ibrahim Betala ikupezeka pafoni, ndipo mayi amene sanapiteko ku madrasa atha kubwereza Ayah imodzi kakhumi mpaka ataigwira, popanda wina womutopera. Koma tayang'anani dzina la ulaliki umene mwalandira lero m'gulu la mzikiti. Likuyamba ndi AUD, kenako manambala, kenako WA ndi manambala ena. Simukudziwa wolankhulayo, kumene anaphunzira, chaka chimene analankhula, kapena funso limene ankayankha. Mphindi ziwiri zadulidwa pa ulaliki wa ola lathunthu. Kuyambira 2018 WhatsApp imaika chizindikiro chosonyeza kuti uthenga wachita kutumizidwa kuchokera kwina, koma sinena kuti kwa ndani. Usiku wa pa 29 timaziona bwino: uthenga wa mawu wonena kuti mwezi waoneka umazungulira m'magulu, ena n'kuyamba kukonzekera Eid, kenako n'kupezeka kuti ndi wa chaka chatha kapena wa dziko lina, chilengezo cha akuluakulu pa Radio Islam chisanatuluke.

Zimenezi zimatiwawa kwambiri ife chifukwa ndife Ummah wa isnad. Imam Bukhari, amene anamwalira mu 256 Hijri, anayenda maiko kufufuza kuti Hadith iyi ananena ndani, anaimva kwa ndani, ndipo munthuyo anali wokhulupirika bwanji. Mawu opanda mndandanda wa owanyamula sankalandiridwa, ngakhale akhale okoma chotani. Kaseti yobwereka ija, ndi phokoso lake lonse, inali ndi ka isnad kake: Che uje anaitenga kwa Che uje, amene anabwera nayo kuchokera ku Durban. Fayilo ya lero imamveka bwino ngati Shehe ali m'chipinda momwemo, koma ilibe bambo.

Obena akadalipo pamsika, ngakhale achepa. Ambiri tsopano amadalira mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, kutchaja mafoni ndi kutumiza ndalama pafoni. Makompyuta akale aja ena ali pansi pa tebulo, atakutidwa ndi fumbi, ndipo m'mahadi disiki awo muli mafoda amene anakopedwa kuchokera m'makhadi athu zaka 10 kapena 12 zapitazo, chifukwa wobena aliyense ankasunga chilichonse chatsopano chimene kasitomala wabwera nacho. Mwa aphunzitsi amene analankhula m'mafoda amenewo, angapo tinawaika kale m'manda, Allah awachitire chifundo. Kompyuta yotere ikagulitsidwa, chinthu choyamba chimene mwini watsopano amachita ndi kuifomata.