Kuona maso a nkhono n'kudekha

Abale anga m'gulu lino, sabata ino tiyeni tikambe za diso loweruza ana. Mukaima m'mbali mwa bwalo lafumbi ku Machinjiri Loweruka masana, simuchedwa kumva wina akugamula kuti mnyamata uyo adzasewera Bullets basi. Kawirikawiri womulozayo amakhala wamtali kuposa anzake, wadzitho, waliwiro. Koma kodi timakhala taona luso kapena thupi chabe? Funsoli lavutitsa kwambiri anthu a masewero amene kuno sitisewera, hockey ya pa ayezi, yomwe kwawo kwenikweni ndi ku Canada.

Kumeneko kusaka luso ndi ntchito ya malipiro. Mu 1975 ligi yaikulu ya NHL idakhazikitsa nthambi yotchedwa Central Scouting, yoyendayenda kuonera anyamata n'kuwaika pa mndandanda, kuti matimu azisankhapo akakwana zaka zolowera mu ligi. Amayang'ana liwiro pa ayezi, kagwiridwe ka ndodo, mphamvu ya shoti, msinkhu ndi nzeru zowerenga masewero. Zinayi zoyambazo zimaoneka tsiku limodzi. Chachisanucho chimafuna kudekha.

Tamvani za Wayne Gretzky, wobadwa mu 1961 ku Brantford. Ali ndi zaka 10 adagoletsa zigoli 378 m'sizoni imodzi, komabe atakula ena ankati ndi wowonda, sangapirire kugundana ndi zimphona. Iye ankadziwiratu kumene masewero akulowera anzake asanazindikire. Popuma mu 1999 anali ndi mapointi 2,857, ndipo mapasi ake obala zigoli okha, 1,963, amaposa mapointi onse a wosewera wina aliyense m'mbiri ya ligiyo. Tsono yerekezani ndi Alexandre Daigle, waliwiro loopsa, amene Ottawa Senators idamusankha poyambirira penipeni mu 1993. Sadadutsepo mapointi 51 m'sizoni. Pavel Datsyuk, amene Detroit idamutola pa nambala 171 mu 1998, adapambana chikho cha Stanley Cup kawiri.

Cha m'ma 1980 katswiri wa maganizo Roger Barnsley adaona chinthu chodabwitsa: osewera ambiri apamwamba a hockey ku Canada anali obadwa miyezi yoyambirira ya chaka. Chifukwa chake n'chosavuta. Magulu a ana amawagawa kuyambira pa 1 Januwale, ndiye wobadwa mu Januwale amaposa wa mu Disembala ndi pafupifupi chaka chathunthu. Amaoneka waluso, amasankhidwa, amapatsidwa mphunzitsi wabwino, mapeto ake amakhaladi waluso. Mnzake uja amangosiyidwa.

Mwina mukuti za kwa azungu izo. Ayi ndithu, ifenso zidatikhudza. Mu 2009, pa mpikisano wa Africa wa osapitirira zaka 17 ku Algeria, dziko la Niger lidachotsedwa chifukwa choseweretsa wopitirira zaka, ndipo malo ake adatenga ndi anyamata athu. Umu ndi momwe Malawi idapitira ku World Cup ya msinkhu umenewu ku Nigeria chaka chomwecho, komwe tidagonja masewero onse atatu. Pa mpikisano womwewo FIFA idayamba kujambula mafupa a pamkono ndi makina a MRI pofuna kudziwa zaka zenizeni za osewera. Ngati miyezi 11 imasokoneza diso la akatswiri ku Canada, nanga bwanji zaka zitatu zobisidwa? Mnyamata weniweni wa zaka 15 amakhala pa benchi, "mwana" wometa ndevu m'mawa akuwala.

Choncho inu aphunzitsi a masewero, makochi a m'makwalala a Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, ngakhalenso inu makolo, yambani mwafunsa chaka ndi mwezi womwe mwana adabadwa. Kenako muonereni nthawi yomwe alibe mpira: amaima pati, amatembenuza mutu kangati asanalandire pasi, amatani timu yake ikagoletsedwa. Mumuone kasanu kapena kakhumi, pa masiku osiyana, musanagamule.

Thupi anzake adzamupeza nalo akamafika zaka 20. Kamnyamata kochepa kaja kamene kamapereka mpira mwakachetechete, ndi kamtsikana kamene anyamata amakana kukasankha, ndi omwe timataya chaka ndi chaka osadziwa. Ndani wa kwanu amene mukumukumbukira kuti adasiyidwa chifukwa cha msinkhu? Tiuzeni.