Kuchokera pa kalimba ya ku Petauke kukafika pa Moog

Basi yochokera ku Lusaka ikangoima pa Nyimba, zimayamba kufika pa windo ndi nthochi, kenako khutu limamva kiyibodi. Imalira m'masipika a m'magolosale, ndipo Lamulungu imamveka m'matchalitchi kuyambira pamenepo mpaka ku Petauke boma. Mnyamata amadina batani limodzi, ng'oma ndi besi n'kuyamba zokha, iye n'kumaponyamo timawu apa ndi apo. Makinawa athandiza makwaya ambiri, zimenezo palibe angatsutse. Komatu panali nthawi imene kiyibodi sinkadziimbira yokha, ndipo kuti nthawiyo imveke bwino tiyambire konkuno kwa Ansenga.

M'chaka cha 1961, dziko lino lidakali Northern Rhodesia, katswiri wa nyimbo John Blacking adayendera midzi ya m'boma la Petauke pamodzi ndi Raymond Apthorpe, akujambula nyimbo pa tepi. Zina mwa izo zidatuluka pa mbale ya kampani ya Folkways ku America mu 1962, dzina lake Music from Petauke of Northern Rhodesia. Chimene chidamugwira mtima Blacking ndi kalimba. Atafanizira nyimbo za oimba osiyanasiyana, adapeza kuti chozilumikiza sichinali kakweredwe ndi katsikidwe ka mawu, koma kayendedwe ka zala ziwiri zamanthu. Chala chakumanja chili ndi kugunda kwake, chakumanzere kwakenso, ndipo nyimbo imabadwa pamene ziwirizo zikupingasana. Agogo athu akadamuuza kuti zimenezo n'zodziwikiratu: nyimbo ya kalimba imakhala m'manja. Munthu amailiza ali yekha pa ulendo kapena pakhonde madzulo, chikho chikukuza mawu kunsi kwake.

Zaka zomwezo, m'tauni yaing'ono ya Trumansburg ku New York, Robert Moog ankalumikiza mawaya kuti magetsi atulutse liwu. Mu 1964 adaonetsa synthesizer yake yoyamba. Inali chimphona chofuna zingwe zambirimbiri, koma mu 1970 kudabwera Minimoog, ya makiyi 44, yonyamulika m'manja. Zida zimenezi amazitcha analog chifukwa liwu limachokera ku mphamvu ya magetsi ikukwera ndi kutsika, popanda kompyuta yowerengera manambala. Chipinda chikatentha liwu linkasokera, woimba n'kulikonzanso, monga momwe wakalimba amakankhira kachitsulo kuti kabwerere pamalo pake. Ndipo Minimoog inkatulutsa liwu limodzi lokha pa nthawi, ngati m'mero wa munthu. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Woimba sakadabisala m'chigulu cha mawu. Chilichonse chinkamveka, chokoma ndi cholakwa chomwe.

Magulu a ku England oimba progressive rock, nyimbo zazitali zotenga luso ku jazz ndi ku nyimbo za makedzana za ku Ulaya, adachilandira chidachi ndi manja awiri. Mu 1970, mu situdiyo ya Advision ku London, Keith Emerson adaika solo kumapeto kwa Lucky Man ya gulu la Emerson, Lake & Palmer. Iye ankayesa kuti akungoyeserera Moog yake yatsopano, koma tepi inali ikuzungulira, ndipo anzake adakana zoti abwerezenso. Liwu lake limatsetsereka kuchoka pansi kukafika pamwamba osadukiza, chinthu chimene piyano singathe. Mu 1973 Tony Banks wa Genesis adatseka The Cinema Show ndi solo ya mphindi zingapo pa ARP Pro Soloist, ng'oma zikugunda kasanu ndi kawiri m'malo mwa kanayi kozolowereka. Rick Wakeman wa Yes anali wa liwiro kuposa onsewa.

Ine yanga ndi ya Richard Wright wa Pink Floyd, koyambirira kwa Shine On You Crazy Diamond, ya mu 1975. Nyimboyi adaipekera mnzawo Syd Barrett, amene adachoka m'gululo mutu utasokonekera. Wright sathamanga. Amagwira liwu limodzi mpaka litatsala pang'ono kutha mpweya, n'kusunthira pa lina. Aliyense amene adagonapo pa maliro kumudzi, n'kumva mayi mmodzi akuyambitsa nyimbo m'bandakucha ena asanavomere, aizindikira solo imeneyi ngakhale dzina la Pink Floyd asanalimvepo.

Chodabwitsa n'chakuti kalimba nayo idalowa nawo m'nyimbo zimenezi. Mbale ya King Crimson ya mu 1973, Larks' Tongues in Aspic, imayamba ndi Jamie Muir akuliza kalimba chapansipansi magitala asanaphulike. Chidachi chidali chitafala kale ku Ulaya ndi ku America kudzera mwa Hugh Tracey, amene adayamba kupanga ndi kugulitsa makalimba ku South Africa m'zaka za m'ma 1950, atawachuna motsatira khutu la Azungu.

Kuno kwathu zaka zimenezo zinali za nyimbo za Zamrock. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi adapeza bwalo. Koma solo ya Zamrock inali ya gitala yolira mosasa, osati ya Moog. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zidasowa, ndipo chida chodula chotere sichinali chapafupi. Kiyibodi idadzatsogolera mochedwa, Patrick Mwondela atalowa WITCH, woimba wawo Jagari Chanda atachoka. Mumvereni pa Movin' On ya mu 1980 ndi Kuomboka ya mu 1984: gululo lidali litakhotera ku disiko, koma dzanja la munthu likumvekabe pa makiyi.

Kenako mphepo idatembenuka. Minimoog idaleka kupangidwa mu 1981, ndipo mu 1983 Yamaha idatulutsa DX7, ya dijito, yosasokera ndi kutentha, yokhala ndi mawu osungidwiratu. M'zaka zomwezo kudabweranso makiyibodi a Yamaha ndi Casio odziimbira ng'oma okha, amene adayenda mu Great East Road, kuoloka mlatho wa Luangwa, n'kufika m'matchalitchi athu. Ena mwa iwo, ukafufuza m'ndandanda wa mawu ake, upezamo batani lolembedwa kalimba. Limalira bwino ndithu, koma lilibe zala ziwiri zopingasana zija.

Mu 2023 WITCH idatulutsa Zango, Jagari Chanda ndi Mwondela ali limodzi, yojambulidwa ku DB Studios ku Lusaka komwe kudajambulidwa Lazy Bones!! ya mu 1975. Nazo mbale za Blacking sizidatayike: Smithsonian idatenga nkhokwe ya Folkways mu 1987, ndipo zimapezeka pa intaneti. Ndimalakalaka mnyamata wa kiyibodi wa ku Nyimba atazimva pa foni yake, n'kutsatiza Richard Wright, kenako Lamulungu lotsatira n'kuthimitsa batani la ng'oma kwa ndime imodzi yokha, kwaya n'kumudikira.