Bigfoot (galimoto)

Bigfoot ndi dzina la zigalimoto zikuluzikulu zampikisano za mtundu wa monster truck, zomwe zimapangidwa m'boma la Missouri ku United States. Adaziyambitsa ndi Bob Chandler m'zaka za m'ma 1970, ndipo anthu ambiri amati Bigfoot ndiyo monster truck yoyamba padziko lonse. Monster truck ndi galimoto ya pikapu yomwe imayikidwa matayala aakulu kwambiri, injini yamphamvu komanso zida zoti izitha kudumpha ndi kukwera pamwamba pa magalimoto ena. Dzinali lakhala likupatsidwa kwa magalimoto oposa 20, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi nambala zawo, monga Bigfoot 1, Bigfoot 5 ndi Bigfoot 8.

Chiyambi

Chandler ankagwira ntchito yomanga kudera la St. Louis. Adagula pikapu ya Ford F-250 ya chaka cha 1974, yomwe ankapita nayo m'misewu yoipa ndi m'matope. Galimotoyo inkawonongeka pafupipafupi, ndipo zipangizo zake zinkasowa kuderalo. Pachifukwa ichi, mu 1975 iye pamodzi ndi mkazi wake Marilyn komanso mnzake Jim Kramer adatsegula shopu yotchedwa Midwest Four Wheel Drive. Chandler ankaikulitsa pikapuyo pang'onopang'ono kuti izitsatsa malonda a shopuyo. Dzina loti Bigfoot limatanthauza phazi lalikulu, ndipo lidabwera chifukwa Chandler ankaponda kwambiri mafuta akamayendetsa.

Pofika 1979 galimotoyo inali ndi matayala otalika mainchesi 48 ndipo idayamba kuwonetsedwa kwa anthu olipira. Mu 1981 Chandler adaikweza pamwamba pa magalimoto akutha m'munda wina n'kujambula kanema. Wokonza ziwonetsero wina atawona kanemayo adamupempha kuti achite zomwezo pamaso pa anthu. Kuphwanya magalimoto kudakhala chinthu chomwe anthu ankalipira kuti awone.

Bigfoot 2 idapangidwa mu 1982. Idagwiritsa ntchito matayala a mainchesi 66, omwe ndi pafupifupi mamita 1.7, kutalika kwa munthu wamkulu. Matayalawa adachokera ku makina a m'minda, ndipo mpaka lero ndiwo muyeso wa monster truck zampikisano.

Makampani othandiza

Kupanga ndi kukonza monster truck kumadya ndalama zambiri, choncho magulu amadalira makampani omwe amalipira kuti mayina awo alembedwe pagalimoto. Kampani ya Ford idayamba kuthandiza Bigfoot mu 1983, ndipo mgwirizanowo udatha patapita zaka zoposa 20. M'nthawi yonseyi Bigfoot inkakhala ndi thupi la galimoto ya Ford, nthawi zambiri la mtundu wa buluu. Makampani ena omwe adaithandizapo ndi Firestone, yopanga matayala, ndi Summit Racing Equipment. Mgwirizano ndi Ford utatha, gululi lidayamba kugwiritsanso ntchito matupi a makampani ena, kuphatikizapo Chevrolet.

Mipikisano

Poyamba monster truck zinkangowonetsa mphamvu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zidayamba kuthamanga ziwiriziwiri, ndipo yopambana inkapita gawo lotsatira. Bungwe la TNT Motorsports lidakhazikitsa mpikisano wa chaka chonse wowerengera mapointi. Mu 1988 Bigfoot idagonja kwa USA-1, galimoto ya Everett Jasmer.

Magalimoto akalewo anali olemera ndipo ankavulaza oyendetsa akamatera pansi. Mu 1989 gulu la Chandler lidatulutsa Bigfoot 8, yomwe idajambulidwa pakompyuta isanapangidwe. Inali ndi chimango cha mapaipi achitsulo, thupi lopepuka la fiberglass komanso mashokapu aatali omwe ankachepetsa kugunda. Inkathamanga kuposa anzake moti TNT idayamba yailetsa kwa kanthawi. Ngakhale zinali choncho, woyendetsa wake Andy Brass adatenga chikho cha TNT mu 1990. Magulu ena adatengera kapangidwe kameneka, ndipo monster truck zamakono zimatsatira njira yomweyi.

M'zaka za m'ma 1990 Bigfoot idapambana kangapo mpikisano wa Penda Points Series. Mu 1998 idasiya kupikisana m'mipikisano ya USHRA chifukwa cha kusamvana pa nkhani ya umwini wa makanema ndi zithunzi. Ichi n'chifukwa chake Bigfoot siwoneka mu Monster Jam, momwe muli galimoto ina yotchuka yotchedwa Grave Digger, yomwe adaiyambitsa Dennis Anderson. Kuyambira 2019 yakhala ikuwonekera mu Hot Wheels Monster Trucks Live.

Chitetezo

Popeza zigalimotozi zimathamanga m'mabwalo odzaza anthu, ngozi ikhoza kupha owonerera. Chandler adali m'gulu la anthu omwe adakhazikitsa bungwe la Monster Truck Racing Association kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti likonze malamulo achitetezo. Limodzi mwa malamulowo ndi loti galimoto iliyonse ikhale ndi kachipangizo kolola munthu woima panja kuzimitsa injini ali patali, woyendetsa akalephera kuiwongolera.

Zina zodziwika

Bigfoot 5 idapangidwa mu 1986 ndipo ili ndi matayala a Firestone otalika mamita atatu, omwe poyamba ankagwiritsidwa ntchito pa chigalimoto chonyamula katundu ku Alaska. Buku la Guinness lidaizindikira ngati pikapu yaitali kwambiri. Mu 1999 Dan Runte, akuyendetsa Bigfoot 14, adadumpha ndege ya Boeing 727 ku Tennessee, mtunda wa mamita pafupifupi 61. Mu 2012 kudatuluka Bigfoot 20, yoyendera mabatire m'malo mwa mafuta.

Bigfoot idawonekeranso m'mafilimu monga Take This Job and Shove It ya 1981 ndi Road House ya 1989. Mu 2015 likulu la gululi lidasamuka kuchoka ku Hazelwood kupita ku Pacific, m'boma lomwelo la Missouri.