Mmene kernel imakonzera purosesa ya m'lamya ya m'manja

Malamya ambiri amene anthu a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George akugwiritsa nchito ndi a Android. Pansi pa Android pali pulogalamu yochedwa Linux kernel, imene Linus Torvalds anayamba kulemba ku Helsinki, m'dziko la Finland, m'caka ca 1991. Kernel ndiyo mkhalapakati wa mapulogalamu ndi purosesa, kacipangizo kamene kamacita masamu onse a lamya.

Lamya ikangoyatsidwa, kernel imayamba yafufuza zimene purosesa ingathe kucita. Pa makompyuta a Intel ndi AMD imafunsa mwa lamulo lochedwa CPUID, pamene pa mapurosesa a ARM, amene ali m'malamya pafupifupi onse, imawerenga manambala amene opanga anasungamo. Ikatero imatsegula mbali zimene zilipo, kutsekereza zolakwika zodziwika, ndi kudziwitsa mapulogalamu zimene angagwiritse nchito.

Kernel ndiyonso imasankha liwiro la purosesa. M'caka ca 2011 kampani ya ARM inalengeza njira ya big.LITTLE, imene imaphatikiza zigawo zamphamvu ndi zigawo zosadya moto wambiri. Nchito yopepuka imaperekedwa ku zigawo zing'onozing'ono, ndipo zosagwira nchito zimagonekedwa. Ici cimathandiza batire kukhalitsa, cinthu cimene cinali cofunika kwambiri m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo makomboni anali kukhala maola ambiri opanda malaiti.

Nkhani ina ndi ya citetezo. Mu January 2018 akatswiri anaulula zolakwika za m'mapurosesa zochedwa Meltdown ndi Spectre, zimene zikanalola pulogalamu yoipa kuwerenga zinsinsi za mapulogalamu ena. Popeza purosesa ya m'lamya siisinthidwa, citetezo cacikulu cinabwera mwa kukonzanso kernel.

Zonsezi zinalembedwa poyera. Linux ili ndi cigawo cochedwa Documentation, cimene cimafotokoza mbali za purosesa ndi mmene kernel imazitsegulira kapena kuzitsekera. Opanga malamya, okonza ndi ophunzira angaciwerenge kwaulere pa intaneti.

Conco amene amasunga ndalama pa lamya ayenera kuvomera ma update akafika. Ogula lamya yakale, nawonso, ayambe aona mu Settings tsiku limene inalandira cigamba comaliza ca citetezo, asanapereke ndalama zawo.