Kosi ya zachilengedwe ku LUANAR si yongodzala mitengo

Achinyamata ambiri mumandifunsa pa WhatsApp ngati kosi imeneyi ili ndi tsogolo. Nazi zomwe ndikudziwa.

LUANAR ndi yunivesite yaboma yomwe inayamba mu 2012, Bunda College itachoka pansi pa University of Malawi. Ku Bunda, kufupi ndi Mitundu, kuli madigiri a zaka 4 a zankhalango, zansomba komanso kasamalidwe ka chilengedwe. Pamafunika makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo masayansi musawapeputse. Mumafunsira malo kudzera ku NCHE. Fizi ikavuta, pali loni ya boma.

Kwa ife a mu Lilongwe, nkhaniyi ikukhudza madzi a pampopi. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama n'kudzaza Kamuzu Dam. Makala ambiri omwe timaphikira amachokeranso komweko, ndiye mitengo ikatha dothi limakokolokera m'damu. Kuwerengera mitengo yotsala, kuyeza madzi, kujambula mapu pakompyuta, ndi ntchito ya ophunzira zimenezi.

Ntchito sizophweka kupeza, ndisanamize. Koma yesani ku Dipatimenti ya Zankhalango, kapena African Parks yomwe ikuyendetsa Majete, Liwonde ndi Nkhotakota.