Mfuti ya agogo ndi volovolo ya bwana



Sabata yatha ndikuphunzitsa Fomu 3 za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mnyamata wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja nkufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi asilikali a kuno ankamenya nkhondo ndi chiyani? Mikondo?" Anzake anaseka. Ine sindinaseke chifukwa kulakwa si kwake. Ana athu amaloweza za Sarajevo ndi Versailles mpaka kukhoza mayeso a MSCE, koma za agogo awo amene anasenza mfuti kuchoka ku Zomba mpaka ku Burma sitiwauza. Ndiye lero ndati ndilembe zimene ndinamuyankha, ndi zina zimene belu linandidula ndisananene.

Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anali msilikali wa King's African Rifles, gulu limene kumudzi ankangoti Keyala. Analowa usilikali pa nkhondo yachiwiri ndipo anakafika ku Burma. Ine ndinawapeza atakalamba kale. Mayina a zidzukulu ankawasokoneza, ine amvekere kundiitana dzina la mkulu wanga. Koma ukawafunsa nambala yawo ya usilikali ndi nambala ya mfuti yawo, ankaima njo nkutchula zonse ziwiri osaphonya. Mfutiyo ankaitcha "firii noti firii". Nditakula ndi pamene ndinazindikira kuti ankanena .303, kukula kwa chipolopolo cha mfuti ya Lee-Enfield.

Tiyambe ndi kumene Keyala inachokera. Gululi linakhazikitsidwa pa 1 Januwale 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba, 1 KAR ndi 2 KAR, anali a kuno ku Nyasaland, ochokera m'gulu lakale la Central Africa Regiment. Ambiri mwa asilikali oyambawo anali Ayao ndi Atonga. Anthu amenewa anayamba kale kutumizidwa kutali. Mu 1900 anali ku dziko la Asante, komwe lero ndi Ghana. Kenako anapita ku Somaliland, kumene mu Epulo 1903, pa malo otchedwa Gumburu, asilikali ambiri a 2 KAR anaphedwa zipolopolo zitawathera. Dzina la Cobbe Barracks ku Zomba ndi la Alexander Cobbe, mzungu amene analandira mendulo ya Victoria Cross pa nkhondo za ku Somaliland komweko mu 1902.

Kuti timvetse chifukwa chimene mfuti inali chinthu chachikulu kwa mnyamata wa kumudzi, tikumbuke pangano la ku Brussels la mu 1890. Maiko a ku Ulaya anagwirizana zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'dera lalikulu la Africa, ponena kuti akufuna kuthetsa malonda a akapolo. Munthu wamba anatsala ndi gogodera, mfuti yothira onga ndi chipolopolo kukamwa nkumasinja ndi kamtengo. Ukawombera kamodzi, nyama ikapanda kugwa, imathawa iwe uli kalikiliki kuthira onga wina. Choncho njira yodziwika yoti munthu wakuda agwire mfuti yeniyeni inali kuvala yunifolomu ya boma la atsamunda.

Lee-Enfield inali yosiyana kutalitali ndi gogodera. Dzina lake ndi la zinthu ziwiri: James Paris Lee, amene anakonza kachitsulo kolowetsa ndi kutulutsa zipolopolo, ndi Enfield, dera la kumpoto kwa London kumene kunali fakitale ya mfuti za boma. Mtundu wake wotchuka, SMLE Mk III, unayamba kugwira ntchito mu 1907, ndipo wina wotchedwa No. 4 unabwera mu 1941. Inkalowa zipolopolo 10, zoikidwa zisanuzisanu, ndipo inkalemera pafupifupi makilogalamu 4. Msilikali wophunzitsidwa bwino ankayenera kuwombera zipolopolo 15 pa mphindi imodzi, molunjika. Munthu ali pa mtunda wa mamita 500 sanali wotetezeka.

Pa nkhondo yoyamba, moto unafika kuno msanga. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, tsidya lija la nyanja, ndipo pa 9 Sepitembala kunali nkhondo ya ku Karonga. Asilikali akuda ambiri a mbali ya Ajeremani anali ndi mfuti zakale za mtundu wa 1871, za onga wakuda, zimene zinkafuka utsi ukawombera. Utsiwo unkaulula pamene munthu wabisala. Komabe anthu a kuno sanaitche nkhondoyo dzina la mfuti wamba. Anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ya makina imene inkalira ngati chimanga chokazinga. Melvin Page, amene anacheza ndi otsala a nkhondoyi m'zaka za m'ma 1970, anapatsa buku lake dzina lomweli, The Chiwaya War. Amuna a kuno pafupifupi 19,000 analowa usilikali, pamene pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya tengatenga. Ndiye kuti pa munthu mmodzi wogwira mfuti panali anthu ngati 10 osenza ufa, mpunga ndi mabokosi a zipolopolo pamutu, ndipo ambiri a iwo anafa ndi njala ndi matenda asanaone mdani.

John Chilembwe anaziona izi. Mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosakhala yawo, nkusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Pamene anthu ake anaukira boma pa 23 Januwale 1915, chimodzi mwa zolinga zawo chinali nyumba yosungira zida ku Mandala ku Blantyre. Anangotengako mfuti zochepa. Ana akandifunsa chifukwa chimene kuukirako kunathera m'masiku ochepa, ndimawauza kuti ayambe awerenga mfuti za mbali zonse ziwiri. Ndipo tisabise, pakati pa amene anathetsa kuukirako panali asilikali akuda a Keyala.

Tibwerere kwa agogo. Iwo anali m'gulu la asilikali a kuno oposa 20,000 amene analowa nkhondo yachiwiri. Mabataliyoni a Nyasaland anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940, ku Abyssinia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali ku Burma, m'gulu la 11th East African Division limene linatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula kulunjika ku mtsinje wa Chindwin. Za kuwombera anthu agogo sankakamba. Ukawakakamiza ankangoti, "Iwe mwana, kafunse agogo ako aakazi ngati nsima yapsa." Zimene ankakonda kukamba zinali kusamala mfuti.

Ankati kumtengo kwa mfuti, kumene kumagunda paphewa, kunali kabowo kotsekera. M'menemo munkakhala kabotolo ka mafuta ndi kachingwe kokhala ndi chitsulo kunsonga, kokokera kansalu m'kati mwa mpope. Ukawombera, unkayenera kuthira madzi otentha mu mpopemo, chifukwa zipolopolo za nthawi imeneyo zinkasiya mchere wodya chitsulo. M'chinyontho cha ku Burma dzimbiri linkagwira usiku umodzi wokha. Pa perete, bwana ankasuzumira mu mpope, ndipo akapeza kadontho ka dzimbiri unali mlandu. Kutaya mfuti ndiye kunali koopsa kuposa kudwala malungo. Asilikali akuda ankakwapulidwa mwalamulo mpaka 1946, pamene kwa asilikali achizungu chikoti chinali chitathetsedwa kalekale. Agogo ankati usiku ankagona atakoleka lamba wa mfuti kudzanja. Ankati, "Agogo ako ndinawakwatira nkhondo itatha. Mkazi woyamba anali firii noti firii."

Nanga volovolo? Ili ndi dzina limene agogo ankatchula kamfuti kakafupi kam'chiuno, kokhala ndi chigubu chozungulira cholowa zipolopolo 6, kamene ambiri lero amangoti pisito. M'gulu la nkhondo la Britain yotchuka inali Webley Mk VI ya mu 1915, ndipo mu 1932 kunabwera ina yopepukirapo, Enfield No. 2 ya zipolopolo za .38. Volovolo inali makamaka ya mabwana. Pa nkhondo yoyamba ofisala wa ku Britain ankachita kudzigulira yekha ndi ndalama za m'thumba mwake, monga ankagulira yunifolomu. Msilikali wa kuno ankatha kukwera kufika pa usajeni kapena usajeni meja, koma osati pa udindo wa ofisala. Choncho volovolo, yomangidwa ndi chingwe chodutsa m'khosi, inkaonetsa amene akulamula. Ngati chida cha nkhondo inali yochepa mphamvu, chifukwa kupitirira mamita 50 kulasa nayo kunali mwayi chabe. Agogo ankaseka pofotokoza kuti atafika m'nkhalango za ku Burma, mabwana ena anabisa volovolo nkutenga mfuti yaitali ngati wina aliyense, chifukwa Ajapani obisala m'mitengo ankayamba kuwombera munthu wooneka ngati mtsogoleri.

Nkhondo itatha mu 1945, asilikali anabweza mfuti kunyumba ya zida. Agogo anabwera kumudzi ndi jasi, nsapato, mamendulo ndi kandalama kothokoza. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani anaulutsa mu 2019 zinaonetsa mmene kandalamako ankawerengera m'magulu a kum'mawa kwa Africa: msilikali wamba wachizungu ankalandira mashileni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira ntchito, pamene wakuda ankalandira mashileni 3 ndi theka. Agogo anagula njinga ndi makina osokera, ndipo ndalama inathera pomwepo.

Mfuti zija zinayenda ulendo wina. M'zaka za m'ma 1950 Britain inasintha nkuyamba kugwiritsa ntchito mfuti ya L1A1, ndipo Lee-Enfield ndi Webley zambirimbiri zinasanduka katundu wotsala. Amalonda monga Samuel Cummings wa kampani ya Interarms ku Alexandria, Virginia, ankazigula mopikulitsa nkukazigulitsa ku America. Kumeneko munthu ankangoona malonda m'magazini, kutumiza ndalama, mfuti nkumubwerera pa positi. Ma Webley ambiri ankawapala kumbuyo kwa chigubu kuti alowe zipolopolo za .45 zopezeka mosavuta ku America. Volovolo imene msilikali wa Keyala sankaloledwa kuvala m'chiuno inafika potsika mtengo moti mnyamata wogwira ganyu ankatha kuigula.

Kutchipako kunali ndi zotsatira zake. Mu 1963 Lee Harvey Oswald anaitanitsa pa positi mfuti ya Carcano, yotsala ku gulu la nkhondo la Italy, pa mtengo wa $19.95, ndi volovolo ya Smith & Wesson ya .38, yotsalanso pa nkhondo yachiwiri, pa $29.95. Pa 22 Novembala chaka chomwecho mfuti yaitaliyo inapha Pulezidenti John F. Kennedy ku Dallas, ndipo volovoloyo inapha wapolisi J. D. Tippit. Mu 1968, Martin Luther King Jr. ndi Robert Kennedy ataphedwanso, America inakhazikitsa lamulo la Gun Control Act limene linatseka malonda a mfuti a pa positi kwa anthu wamba ndi kuletsa kulowetsa m'dzikomo mfuti zotsala ku magulu a nkhondo. Ife a kuno phunziro lotere tinaliona ndi maso nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, pamene ma AK-47 anayamba kudutsa malire pa mtengo wozizira, umbava wa mfuti nkukula. Mfuti imene agogo ankaisamala moopa chikoti inali ndi nambala, kaundula ndi munthu woyankha mlandu ikasowa. Yogula mwachinsinsi pamalire inalibe chilichonse mwa izi.

Keyala inapitanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, ndipo pa ufulu wa 1964 bataliyoni ya 1 KAR inasanduka Malawi Rifles. Zotsala za mbiriyi zikuoneka ndithu kwa amene akufuna kuona. Chipilala cha Keyala chilipo ku Zomba, manda a nkhondo yoyamba alipo ku Karonga, ndipo magule a beni, malipenga ndi mganda akuonetsabe perete ya asilikali, ndi maudindo ake omwe. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu akuda ambirimbiri amene anafa pa nkhondo yoyamba, makamaka a tengatenga, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu.

Anzanga aphunzitsi, silabasi ndi yothina, ndikudziwa. Koma phunziro limodzi lokha pa teremu tingalipereke ku nkhani imeneyi. Ine ndawapatsa a Fomu 3 ntchito ya tchuthi: aliyense akafunse kwawo ngati m'banja mwawo munali wa Keyala kapena wa tengatenga, alembe dzina, mudzi, kumene anapita ndi chimene anabwera nacho. Amene anamenya nkhondo yachiwiri atsala owerengeka, koma ana awo alipo ndipo akukumbukira. Inunso amene munamaliza kale sukulu, mukapita kumudzi kafunseni, ndipo mutenge kope ndi cholembera. Mamendulo ena ali m'masutikesi akale pansi pa bedi.

Ndikunena izi chifukwa ine ndinalakwitsa. Agogo ananditchulira nambala ya mfuti yawo kambirimbiri pakhonde paja, ine nkumaseka kuti nkhalamba yayambanso. Anamwalira ndili Fomu 2. Mamendulo ali ndi amalume, jasi inatha ndi njenjete, ndipo nambala ija palibe aliyense m'banja mwathu amene anailemba. Mnyamata uja atandifunsa za mikondo, ndinayesa kuikumbukira ndili chiimire kutsogolo kwa kalasi, koma ndinangokumbukira kuti inkayamba ndi chilembo.