Katundu Wosakwera Lole: Sofa ndi Matchona a ku Luveve

Munthu wa ku Nyasaland amene ankapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 ankagula katundu akuganizira za ulendo wobwerera. Bulangeti, jekete, nsapato, bokosi lachitsulo lokhoma ndi loko, ndipo zikamuyendera bwino, njinga yakapalasa kapena makina osokera a Singer. Zonsezi zinali zoti tsiku lina zidzakwera sitima yodzera ku Beira ndi pa mlatho wa Dona Ana, kapena lole yodutsa ku Mtoko ndi ku Tete, n'kukatsitsidwa pabwalo la kumudzi abale akuonerera. Sofa sinali m'gulu limeneli. Ndi yaitali, ndi yolemera, singamangidwe panjinga, ndipo m'nyumba yozungulira ya kumudzi mulibe khoma loongoka loti itsamire. Choncho mwamuna wa ku Dedza kapena ku Nkhata Bay akalowetsa sofa m'nyumba yake ku Bulawayo, amakhala ataulula chinthu chimene pakamwa pake sakanachitchula, chakuti zobwerera kwawo zayamba kuzilala. Kumudzi munthu wotere ankamutcha mtchona.

Boma la atsamunda silinkafuna kuti munthu wakuda akhale ndi maganizo okhazikika m'tauni. Lamulo logawa malo la m'chaka cha 1930, la Land Apportionment Act, linaika matauni m'gawo la azungu, ndipo wakuda ankayenera kukhalamo ngati mame, amene dzuwa likatuluka amakamuka. Ku Makokoba, lokeshoni yakale kwambiri ya Bulawayo, amuna ankagona angapo m'chipinda chimodzi, ndipo mpando wa munthu unali bedi lake, bokosi lake kapena chitini chogadabuza. Komabe lamulo lomwelo linasiya mpata woti boma limange midzi ingapo kunja kwa malire a tauni, ya antchito okwatira amene akhala nthawi yaitali pantchito. Motero chapakati pa zaka za m'ma 1930 panabadwa Highfield kufupi ndi Salisbury, ndi Luveve, makilomita oposa khumi kumpoto chakumadzulo kwa Bulawayo, m'mbali mwa njanji yopita ku Victoria Falls. Kunali kutali ndi kuntchito, ndipo ambiri ankadandaula nako kutalikako, koma banja linkapatsidwa nyumba ya njerwa yakeyake ndi kamunda kolimapo masamba. Mwa amene anakhalako munali mabanja ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, anthu amene kwawo kunali kutali kwambiri moti sakanatha kumapitako nyengo iliyonse yolima monga ankachitira anzawo a m'Matabeleland.

Nyumba ikakhala ndi chipinda chimene sichogonamo ndiponso sichophikiramo, pamabuka funso la zoikamo. Funsoli linayamba kuyankhidwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha. Mu October 1945 antchito akuda a Rhodesia Railways, kampani imene likulu lake linali ku Bulawayo, ananyanyala ntchito. Mu April 1948 kunyanyala kwina kwakukulu kunayambiranso mumzinda womwewo n'kufalikira m'dziko lonse. Malipiro anakwerako pang'ono. Mafakitale anachuluka ku Belmont ndi ku Donnington, ndipo kuyambira mu 1949 Hugh Ashton, mkulu woyang'anira malokeshoni a khonsolo, anamangitsa nyumba zambiri za mabanja, mbali ina ndi phindu la mowa wa m'mabala a khonsoloyo. Pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkayamba mu 1953, m'Bulawayo munali kale makalaliki, aphunzitsi, madalaivala ndi antchito a njanji amene ankatha kupatula kandalama mwezi ndi mwezi.

Nthawi yomweyi n'kuti mipando ya ku Ulaya ndi ku America ikusintha maonekedwe. Sofa ya makolo a azungu inali chimphona chodzaza ubweya wa akavalo ndi masipuling'i, chokutidwa nsalu mpaka pansi. Amisiri atsopano anaivula zonsezo. Ku Denmark, Hans Wegner ndi Finn Juhl anasiya thabwa poyera kuti lioneke, nalisema mowonda ndi mosalala. Mpando wa Wegner wa mu 1949 ndi umene John Kennedy ndi Richard Nixon anakhalira pa mtsutso wawo wa pa wailesi yakanema mu 1960. Ku America, Florence Knoll anatulutsa sofa yake ya mizere yoongoka mu 1954, ndipo Charles ndi Ray Eames anatulutsa mpando wawo wotchuka wa matabwa opinda mu 1956. Koma njira imene inafikitsa kalembedwe kameneka ku Rhodesia inadzera ku Britain. Kumeneko kusowa kwa matabwa m'nthawi ya nkhondo kunachititsa boma kulamula, kuyambira mu 1942 mpaka mu 1952, kuti mipando izipangidwa yosakometsera, ndipo lamulolo litatha makampani monga Ercol ndi E. Gomme, amene anayambitsa G Plan mu 1953, anagulitsa mipando yopepuka, ya miyendo yosongoka, kwa mabanja wamba. Azungu ambirimbiri amene anasamukira ku Rhodesia nkhondo itatha anabwera ndi mipandoyi, kapena ndi magazini oionetsa, ndipo masitolo a m'tauni monga Meikles ndi Haddon & Sly ankagulitsa zimene makasitomala amenewa ankafuna. Dzina lakuti "mid-century modern" panthawiyo kunalibe. Linatchuka mu 1984 ndi buku la Cara Greenberg. Ku Luveve inali sofa basi.

N'zochititsa chidwi kuti mpando wolingaliridwa ku Copenhagen ndi ku High Wycombe unakwanira bwino m'kanyumba ka m'lokeshoni kuposa m'nyumba zazikulu za ku Suburbs kapena ku Hillside. Chipinda chochezera cha ku Luveve n'chaching'ono, ndipo chimphona chakale chija chikanachidzaza chokha. Sofa yatsopano inali yowonda, yoima pamiyendo, moti tsache linkalowa pansi pake ndipo mayi ankatha kupaka polishi wofiira simenti yonse popanda kuitana anthu odzanyamula. Makhushoni ake anali ochotseka. Siponji, imene akatswiri a kampani ya Dunlop anatulukira mu 1929 ndipo inatchipa m'zaka za m'ma 1950, inalowa m'malo mwa ubweya ndi masipuling'i, kotero kuti nsikidzi zinasowa pobisala, ndipo nsalu ikang'ambika telala aliyense ankatha kusoka ina. Mlendo wochokera kumudzi akafika, makhushoniwo ankayalidwa pansi n'kukhala pogona.

Za matabwa ndiye Bulawayo sinkafunika kupempha kwa wina. Amisiri a ku Denmark ankaitanitsa mtengo wa teak kuchokera ku Burma ndi ku Thailand. Kumpoto chakumadzulo kwa Luveve, motsata njanji yomwe ija, kuli nkhalango za pamchenga za ku Nyamandlovu ndi ku Gwaai, kumene kumamera mtengo umene azungu anautcha Rhodesian teak ngakhale kuti pachibale suyandikana n'komwe ndi teak wa ku Asia. Ndi wofiirira, wolimba zedi, ndipo wambiri unathera pa mapilo a njanji ndi pa matabwa oyala pansi m'nyumba za azungu. Wokondedwa ndi opanga mipando unali mukwa, umene Amandebele amati umvagazi. Mmisiri wa ku Nyasaland sanafunike kuuzidwa za mtengo umenewu, pakuti ndi mlombwa, uja umatuluka utomoni wonga magazi ukatemedwa. Sumapindika ukauma, chiswe sichiukonda, ndipo ukapalidwa n'kupakidwa mafuta umaoneka mofanana ndithu ndi zimene zinali m'magazini.

Amene ankaupala mtengowu mbiri yawo ndi yowawa. Ukalipentala unali umodzi mwa maluso oyamba amene amishoni anaphunzitsa ku Nyasaland, ku Overtoun Institution ya ku Livingstonia kuyambira mu 1894 ndi ku Henry Henderson Institute ya ku Blantyre kuyambira mu 1909, ndipo ophunzira ambiri a kumeneko anakagulitsa luso lawo kummwera kwa Zambezi. Ku Rhodesia nako kunali sukulu za boma za ntchito zamanja ku Domboshawa ndi ku Tjolotjo. Koma lamulo la Industrial Conciliation Act la mu 1934 silinkawerengera munthu wakuda ngati wantchito woyenera kutetezedwa, ndipo mabungwe a amisiri achizungu anatseka njira yoti wakuda aphunzire ntchito mpaka kulandira pepala la umisiri. M'fakitale ankadula, kupala, kulumikiza ndi kupaka vanishi, koma pabuku la malipiro ankalembedwa ngati wothandizira chabe. Lamulolo linasinthidwa mu 1959, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ku Luveve komweko kunatsegulidwa koleji ya zaumisiri ya ophunzira akuda. Sinakhalitse. Chipani cha Rhodesian Front chitatenga boma mu December 1962, kolejiyo inatsekedwa patangopita zaka zochepa, ndipo nyumba zake zinasanduka sukulu ya sekondale. Mmisiri wokanizidwa pepala ankabwerera kunyumba madzulo, n'kukhoma benchi kuseri kwa nyumba, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankapangira anansi ake zimene mkati mwa sabata amapangira bwana. Ichi n'chifukwa chake mipando yambiri ya m'malokeshoni ilibe chidindo cha kampani kunsi kwake, ngakhale kuti malumikizidwe ake ndi a munthu wodziwa ntchito.

Kulowa kwa sofa m'nyumba kunasokoneza mwambo wa kakhalidwe. Kumudzi mpando unali wa bambo, wa mfumu kapena wa mlendo wolemekezeka. Mawu akuti wapampando akusungabe tanthauzo limeneli. Mtchona wobwerera ankadziwika ndi mpando wake wandalema pakhonde, umene mwana sankayerekeza kuukhalira. Amayi ankakhala pamphasa kapena pamkeka, atapinda miyendo, ndipo kutsika kumeneku kunali chilankhulo cha ulemu. Tsono sofa ndi mpando wa anthu atatu, ndipo onse atatuwo imawakhazika mofanana, phewa ndi phewa. Kodi mkamwini akhale pamenepo ndi apongozi ake, amene mwamwambo sayenera ngakhale kuyang'anizana nawo? Kodi mayi wa m'nyumba akhale pambali pa mwamuna wake abusa a CCAP akabwera kudzacheza? Mabanja anayankha mosiyanasiyana. M'nyumba zambiri agogo aakazi anapitiriza kuyala mkeka wawo patsinde pa sofa imene mwana wawo wagula, ndipo ana ankauzidwa kuti malo awo ndi pansi. M'nyumba za aphunzitsi ndi anamwino mwamuna ndi mkazi anayamba kukhalira limodzi pamaso pa alendo, n'kujambulitsa chithunzi ali choncho, chimene chinkatumizidwa kumudzi pamodzi ndi kalata. Makalabu a amayi a m'malokeshoni ndi mabungwe a amayi a m'mipingo anaphunzitsa kuluka madoilo, ndipo msana ndi mikono ya sofa zinavekedwa zoyera zolukalukazo. Amisiri a ku Ulaya aja, amene ankadana ndi zokometsera, akanaziona akanagwira pakamwa, koma madoilowo ndi amene anateteza nsalu ku mafuta a m'mutu kwa zaka makumi angapo.

Pambali pa sofa pankaima kabati yagalasi ya mbale zosadyera, ndi wailesi. Wailesi yotsika mtengo ya Saucepan Special inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mapaundi asanu, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inali ndi mapologalamu a m'Chinyanja, kotero kuti mtchona ankamva chilankhulo cha kwawo ali khale m'chipinda chake. Pambuyo pake fakitale ya Supersonic ya m'Bulawayo momwemo inayamba kupanga mawailesi aakulu oimbanso mbale za galamafoni, okhala m'bokosi lathabwa la miyendo yosongoka ngati ya sofa ija. Zambiri mwa izi zinkagulidwa pangongole yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo dzina la sitolo ina yotchuka ya mipando, Nyore Nyore, limatanthauza kuti zosavuta. Zinali zosavuta pokhapokha ntchito ilipo. Munthu akalephera kulipira, galimoto ya sitolo inkabwera masana kudzatenga katundu lokeshoni yonse ikuona, ndipo ngongole yoteroyo inkamangirira munthu kwa bwana wake kuposa chitupa.

Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, Malawi inalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo anthu a ku Nyasaland okhala ku Rhodesia anapezeka kuti ndi nzika za dziko lina. Ena anagulitsa zosanyamulika n'kubwerera. Ambiri anatsala, makamaka amene anakwatira akazi a komweko n'kupereka lobola, pakuti kwa Mchewa wobadwira m'chikamwini nyumba ya ku Luveve inali malo oyamba kumene ana ankawerengedwa kuti ndi ake, osati a malume awo. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu okhaokha pa 11 November 1965, mayiko anaika Rhodesia pa chilango cha zamalonda, katundu wakunja anasowa, ndipo mipando ya m'nyumba inayenera kupangidwa m'dzikomo kapena kukonzedwa yomwe ilipo. Thabwa la mlombwa linapirira; zimene zinkasinthidwa ndi siponji ndi nsalu zokha.

Sofa ija inanena kuti banja lakhazikika, koma boma linachedwa kuvomereza. Mu 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe linasinthidwa, ndipo ana ndi adzukulu a matchona, obadwira ku Mpilo ndi kukulira ku Luveve, anauzidwa kuti akane unzika wa Malawi, dziko limene ambiri a iwo sanapondemo. Amene sanatero m'nthawi yake anataya ufulu wovota, ndipo pa ziphaso zawo panalembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndi amene anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC.

Mafakitale ambiri a Bulawayo anatsekedwa m'mavuto a zachuma amene anafika pachimake mu 2008, ndipo achinyamata a m'malokeshoni analowera ku Johannesburg, ulendo wofanana ndi umene agogo awo anayenda kuchokera ku Nyasaland. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano sofa imakwera galimoto. Onyamula katundu otchedwa omalayitsha amawoloka mlatho wa Beitbridge atasanjikiza pa ngolo zawo masofa onenepa a chikopa chapulasitiki, amene mwana wagulira makolo ake, ndipo ya mlombwa ija imatulutsidwa kupita pakhonde kapena kuseri kwa nyumba. Ku Johannesburg komweko ndi ku Cape Town kuli masitolo ogulitsa mipando yakale ya m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo kumeneko wogula amayamba watembenuza mpando kuti aone chidindo cha amene anaupanga.